Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Ana anga ndi adzukulu anga, nkhani imene ndafuna kukamba nanu ndi yosakambika pabwalo, pakuti makolo athu adatiphunzitsa kuti za kuthengo sazitchula pamaso pa apongozi, ndipo tidakula tikudziwa kuti munthu akatuluka m'nyumba usiku safunsidwa kumene akupita. Mwambo umenewo ndi wabwino, ndipo sindifuna kuti muutaye. Koma ndaona kuti manyazi omwewo amene amasunga ulemu pamudzi atseka pakamwa ambiri a inu amene mwavutika ndi m'mimba zaka ndi zaka, kufikira mwayamba kuululira foni zimene mukadayenera kuululira dokotala. Tsono ndiloleni nkhalambane ndilankhule mosapsatira, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene agona bwino amangodandaula kuti mnzawoyo akuwalowetsera mphepo.

Ilipo nthenda imene madokotala amaitcha irritable bowel syndrome, kapena mwachidule IBS, ndipo khalidwe lake ndi lotere: m'mimba mumapotokola, mimba imatupa ndi mpweya makamaka dzuwa likapendeka, ndipo chimbudzi chimasintha, wina kumatsegula m'mimba m'mamawa asanatuluke n'komwe pakhomo, wina kumadzimbidwa masiku angapo, winanso kumalandira zonse ziwiri mosinthana, sabata ino ichi, sabata yamawa icho. Akatswiri a matenda a m'matumbo, amene muyeso wawo umatchedwa ndi dzina la mzinda wa Rome, adaukonzanso muyesowo m'chaka cha 2016, nanena kuti ululu ukhale wobwera tsiku limodzi pa sabata kapena kuposa apo kwa miyezi 3, vutolo likhale litayamba miyezi 6 m'mbuyomo, ndipo ululuwo uziyenderana ndi kupita kuchimbudzi kapena kusintha kwa chimbudzicho. Pa dziko lonse, mwa anthu 100 aliwonse amapezeka nayo anthu apakati pa 4 ndi 10, malinga ndi muyeso umene wagwiritsidwa ntchito. Amayi ndiwo ochuluka kuposa abambo, ndipo kawirikawiri imayamba munthu akadali wa msinkhu wanuwu.

Chimene chimaipitsa nkhani ndi chakuti nthendayi siioneka. Akayeza magazi, magazi ali bwino. Akayeza chimbudzi, mulibe njoka. Ngakhale ataunika m'matumbo ndi kachipangizo kawo kaja, sapezamo chilonda kapena chotupa. Koma ululu ulipo ndithu, ndipo wodwalayo sakunama. Matumbo ali ndi mitsempha yochuluka imene imatumizirana mauthenga ndi ubongo usana ndi usiku, ndipo ndi chifukwa chake mwana wasukulu amatsegula m'mimba m'mawa wa tsiku la mayeso, ndiponso munthu wolandira uthenga wa maliro amataya chilakolako cha chakudya nthawi yomweyo. Mwa wodwala IBS mauthenga amenewo amakhala osokonezeka, kotero kuti mpweya pang'ono umene mnzake sakadaumva n'komwe, iye amaumva ngati ululu waukulu. Matumbo ake ali ngati galu amene adaonapo akuba usiku wina, tsono auwa ngakhale tsamba litagwa padenga. Ndipo kwa ena akubawo adabweradi: m'chaka cha 2000, m'tauni ya Walkerton ku Canada, madzi akumwa adaipitsidwa ndi ndowe za ng'ombe mvula itagwa yambiri, anthu oposa 2,000 adadwala ndipo 7 adamwalira; patapita zaka ziwiri, madokotala adapeza kuti mwa amene adadwala aja, oposa mmodzi mwa anayi aliwonse adatsala ndi IBS ngakhale tizilombo tidali titatha kalekale m'thupi mwawo. Ife amene timadziwa kamwazi ndi kutsegula m'mimba kwa nyengo ya dzinja, nkhani imeneyi tiisunge.

Tsono taonani m'mene chikhulupiriro chimaswekera. Munthu alawira mbandakucha, nalipira minibasi, nakhala pabenchi kufikira dzuwa lili paliwombo, ndipo akalowa m'chipinda cha adokotala, amene kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu ena ochuluka, sapatsidwa mpata wofotokoza ngakhale theka la zimene adakonza m'njira. Zotsatira zikabwera amauzidwa kuti, "Mulibe vuto, zonse zili bwino," napatsidwa Panado, kapena kuuzidwa kuti achepetse maganizo. Wolankhulayo amayesa kuti wapereka uthenga wokoma, koma wakumvayo amamva ngati wauzidwa kuti ndi wabodza. Abwerera kunyumba ndi ululu womwe uja, kuphatikizapo manyazi; mwezi wamawa apita kuchipatala china, kenaka cholipira, kenaka kwa asing'anga a zitsamba, ndipo mbiri yake ifanana ndi ya mayi uja wa m'Uthenga Wabwino wa Marko amene adadwala zaka 12, namaliza chuma chake chonse kwa asing'anga ambiri osapezako bwino. Sindiweruza madokotala athu, pakuti ndi ochepa ndipo katundu wawo ndi wolemera, malungo uku, azimayi oyembekezera uku, ovulala pamsewu uku. Koma sindiweruzanso wodwala amene, poona kuti khomo limenelo silinamulandire, wagogoda khomo lina.

Khomo limenelo masiku ano ndi foni, ndipo ndikadakhala wopanda chilungamo ndikadati mulibe zabwino m'menemo. Alipo amene adamva dzina la nthenda yawo koyamba pa intaneti, napuma mpweya wabwino pozindikira kuti si iwo okha, ndi kuti sadalodzedwe. Zolemba za mabungwe odalirika, monga NHS ya ku Britain kapena yunivesite ya Monash ya ku Australia, zimafotokoza nthendayi modekha ndi mosagulitsa kanthu. Foni siitopa nanu, siiyang'ana wotchi, ndipo simuchita nayo manyazi. Koma mverani, adzukulu anga: foni ilibe manja oti ikhudze pamimba panu, ilibe sikelo yoti ione ngati mwatsika thupi, ndipo siikudziwani. Mukalemba pakati pa usiku kuti m'mimba mukupweteka ndipo chimbudzi chasintha, imakutulutsirani matenda onse pamodzi, ang'onoang'ono ndi oopsa, ndipo maso a munthu wamantha amathamangira pa khansa. Mantha amenewo amatsikira m'matumbo, ululu umakula, ndipo kukula kwa ululuko kumakubwezerani ku foni, kufikira tambala alira musanagone. Kuwonjezera apo, Facebook, TikTok ndi YouTube zidapangidwa kuti zizikupatsani zofanana ndi zimene mwayang'ana nthawi yaitali, kotero kuti mukaonera kanema mmodzi woopseza, mawa akubweretserani khumi.

M'menemo ndimo mumabisala amalonda. Mudzaona mnyamata wovala chovala choyera, kapena mayi wa nkhope yosalala, akukuuzani kuti m'matumbo mwanu mwadzaza zonyansa za zaka zambiri zofunika kutsuka, ndi kuti iye ali ndi tiyi kapena ufa wochokera kunja umene madokotala safuna kuti muudziwe. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi masamba otsegula m'mimba monga senna, ndipo munthu akatsegula amayesa kuti zoipa zikutuluka, chikhalirecho akutaya madzi ndi mchere wa m'thupi, ndi kuvutitsa matumbo amene adali ovutika kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife akuluakulu zimenezi tidaziona foni zisanabwere. M'chaka cha 1995 mbiri idawanda dziko lonse kuti ku Machinga kuli bambo Billy Goodson Chisupe amene adalota mankhwala ochiza Edzi, ndipo anthu miyandamiyanda adakhamukira kumeneko pa malole, pa mabasi ndi pa njinga, ophunzira ndi osaphunzira omwe, kukamwa mankhwalawo, otchedwa mchape. Sadapite chifukwa cha kupusa, adapita chifukwa cha kusowa pogwira. Koma Edzi sidathe, ndipo maliro adayamba kuchepa pamene mankhwala a ma ARV adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala m'chaka cha 2004. Kalelo uthenga unkayenda ndi mapazi ndi wailesi; lero umayenda pa WhatsApp, ndipo umakufikani kudzera mwa azakhali anu amene amakukondani, ndicho chifukwa chake umavuta kuukana.

Chifukwa chake musanakhulupirire mawu a pa foni, dzifunseni kuti wolankhulayu ndani, ndipo akadzalakwa ndidzamupeza kuti. Dokotala wa kuno ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo akalakwa kuli kokadandaula. Mankhwala ovomerezeka amadutsa m'manja mwa bungwe la boma loona za mankhwala. Koma wamalonda wa pa foni uja akangozimitsa nambala yake, nkhani yathera pomwepo. Onaninso ngati kumapeto kwa uphungu wake kuli mtengo ndi nambala yotumizirako ndalama. Ndipo mukamva kuti botolo limodzi lichiza m'mimba, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka, kapena kuti IBS itheratu m'masiku 7, kapena kuti muleke mankhwala a kuchipatala, tsekani foniyo. Ngakhale makina atsopanowa amene amayankha mafunso ngati munthu, muwagwiritse ntchito pokonza zokafunsa kuchipatala, osati poweruza mlandu wa thupi lanu, pakuti amayankha mokoma ndi mosakayika ngakhale pamene alakwitsa.

Pali chifukwa china, chachikulu kuposa zonsezi, chimene ndikukanizirani kudzitcha nokha odwala IBS. Zolemba zambiri za pa intaneti zidalembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, amene sasamba m'nyanja ya likodzo ndipo samwa madzi a pachitsime chosatetezedwa. Kwathu kuno m'mimba mopweteka kwa miyezi mungathe kukhala njoka za m'mimba, tizilombo ta giardia kapena amoeba, likodzo la m'matumbo, zilonda za m'mimba, TB ya m'mimba, kapena matenda obwera chifukwa cha HIV, ndipo onsewa ali ndi mankhwala ake, ena ochiziratu. Amene wadziweruza yekha kuti ndi IBS angathe kukhala chaka chathunthu akusala nyemba pamene akadachira ndi mapiritsi ochepa. Ndipo zilipo zizindikiro zimene si za IBS konse: magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kuwonda kopanda chifukwa, kutentha thupi, kuchepa magazi, chotupa chogwirika pamimba, kudzutsidwa pakati pa usiku ndi kutsegula m'mimba, kapena vuto loyamba kumene munthu atapitirira zaka 50. Wina akakhala ndi m'bale amene adadwala khansa ya m'matumbo, anene. Amayi anu kapena agogo anu akayamba kutupa mimba kosaphwa, osati kobwera ndi kupita, musawagulire tiyi. Apititseni kuchipatala, pakuti khansa ya m'ziwalo zoberekera imayamba mwakachetechete chomwecho.

Mukapita kuchipatala, pitani okonzeka. Kwa masabata awiri lembani m'kope zimene mwadya, nthawi imene ululu wabwera, kangati mwapita kuchimbudzi, ndi maonekedwe a chimbudzicho. Madokotala a ku Bristol adakonza tchati cha mitundu 7 ya chimbudzi, kuyambira cholimba kwambiri kufikira chamadzimadzi, ndipo kuloza nambala pa tchaticho kumapeputsa lilime la munthu wamanyazi. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, kakale komweko, musagule katsopano ulendo uliwonse, pakuti m'menemo ndimo muli mbiri yanu, ndipo kakatayika dokotala aliyense ayambira pachiyambi. Musanene mongozungulira kuti, "Sindikupeza bwino m'thupi"; m'chipinda chimenecho mulibe apongozi. Zimene mwawerenga pa foni musazibise, ndiponso musalowe nazo ngati woweruza, nenani mwaulemu kuti, "Adokotala, ndidawerenga zakutizakuti, kodi zingakhale zoona kwa ine?" Ngati chimene chikukusowetsani tulo ndi khansa, itchuleni, kuti akuuzeni chifukwa chake iwo sakuiganizira. Safunsa adadya phula. Ndipo akakuuzani kuti sanapeze kanthu, funsani kuti, "Nanga ululuwu ukuchokera kuti, ndipo ndibwerenso liti?" Mukakhala kutali ndi chipatala, Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka m'chaka cha 2011, chimayankhidwa ndi anthu ophunzira za umoyo, ndipo imeneyo ndiyo foni yoyenera kuyamba kuifunsa.

Kufuna maganizo a dokotala wachiwiri si tchimo, makamaka ngati woyambayo sanakumvereni. Koma mukapeza amene amamvetsera, khalani naye. Nthendayi siigonja pa ulendo umodzi, pakuti chothandiza uyu sichithandiza uyo, ndipo dokotala ayenera kuyesa, kuona, ndi kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alipo mankhwala ochepetsa kupotokola monga Buscopan ndi mebeverine, alipo oletsa kutsegula monga loperamide, alipo ofewetsa chimbudzi. Ena amapatsidwa amitriptyline wa mlingo wochepa, ndipo akafufuza pa foni napeza kuti ndi mankhwala a matenda a maganizo, amakwiya nati adokotala andiyesa wamisala. Chikhalirecho pa mlingo wochepawo ntchito yake ndi kukhazika pansi mitsempha yonyamula ululu. Chimene ndikuletsani ndi mtima wonse ndi chizolowezi chogula Flagyl, Bactrim kapena cipro pa golosale nthawi iliyonse m'mimba mukalira, pakuti mankhwala amenewa amapha ndi tizilombo tabwino tokhala m'matumbo, ndipo tsiku limene mudzawafunadi mudzapeza atatha mphamvu. Dokotala woona adzakuuzani kuti IBS ilibe mankhwala ochiziratu, ndipo mawuwo ndi owawa poyerekeza ndi a wamalonda uja; koma adzakuuzaninso kuti siisanduka khansa, siiwononga matumbo, siifupikitsa moyo, ndipo ambiri amaiweta nakhala miyezi osaimva.

Za chakudya ndinenepo pang'ono, chifukwa ndipo pamene ambiri amadzizunza. Akatswiri a ku Monash, mumzinda wa Melbourne, adapeza kuti zakudya zina zili ndi mitundu ya shuga imene matumbo sayamwa bwino, tsono imakoka madzi ndi kuwira m'matumbo n'kutulutsa mpweya; adaitcha FODMAP. Imapezeka mu nyemba, anyezi, adyo, tirigu wa mu buledi ndi mandasi, mango, ndiponso mkaka, umene akuluakulu ambiri a mu Africa saugaya bwino ngakhale alibe IBS. Nsima, mpunga, mazira, nsomba ndi nyama sizili m'gulu limenelo. Koma malangizo awo ndi akuti munthu asale zakudyazo kwa masabata apakati pa 2 ndi 6 okha, kenaka azibwezere chimodzichimodzi kuti adziwe chimene chimamuvuta ndi mlingo umene angathe kupirira. Pa foni theka lachiwirili limatayika, ndipo ndaonapo atsikana atafooka chifukwa choopa chakudya chilichonse. Pakhomo pamene nyemba ndiyo ndiwo ya masiku ambiri, kapena kusukulu yogonera komweko, kuzisala kotheratu ndi nkhani yaikulu. Yambani mwachepetsa, zinyikeni m'madzi usiku ndi kutaya madziwo musanaphike, idyani pa nthawi yake mosathamanga, chepetsani zoziziritsa kukhosi za mpweya, mowa ndi khofi, ndipo yendani ndithu tsiku ndi tsiku.

Tsopano nditembenukire kwa inu ana anga amene mukuphunzira udokotala ndi unamwino, kapena mwayamba kale kuvala zoyera. M'chaka cha 2008, Ted Kaptchuk ndi anzake a ku Harvard adafalitsa kafukufuku wa odwala IBS okwana 262, amene adawagawa patatu. Gulu loyamba lidangodikira. Lachiwiri lidalandira chithandizo chonamizira cha tisingano tosalowa n'komwe m'khungu, kuchokera kwa munthu wolankhula mawu ochepa. Lachitatu lidalandira chonamizira chomwecho, koma kuchokera kwa munthu wofunsa mwachifundo, womvetsera ndi wolimbikitsa. Patapita masabata atatu, amene adati apezako bwino adali 28 pa 100 m'gulu loyamba, 44 m'lachiwiri, ndi 62 m'lachitatu. Taonani kukula kwake kwa khutu la dokotala! Ndidziwa kuti mzere ndi wautali ndipo simungapatse aliyense theka la ola. Koma m'malo monena kuti, "Mulibe vuto," mungathe kunena kuti, "Ululu wanu ndi weniweni, nthendayi ili ndi dzina, si yakupha, ndipo mubwerenso mwezi wamawa tidzaone," ndipo mawu amenewo satha ngakhale mphindi imodzi. Wodwala akatulutsa foni, musamunyoze kuti nanga wabwereranji ngati akudziwa kale. Iwerengeni naye, mumuonetse pamene pali choona ndi pamene pali bodza, pakuti mukamuchititsa manyazi sadzaleka kuwerenga, adzangoleka kukuuzani.

Ndipo inu a pabanja, amene mumadya mbale imodzi ndi wodwala wotere, musafulumire kutchula ufiti, kapena kuloza chala azakhali a kutsidya, pakuti mabanja ambiri adapasuka chifukwa cha nthenda imene sidatumidwe ndi munthu. Musamuuzenso kuti akudwala chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa. Mtumwi Paulo adadziwa kuti Timoteo adali wovutika ndi m'mimba kawirikawiri, ndipo sadamudzudzule, koma adamulangiza za kasamalidwe ka thupi lake. Mpempherereni, ndipo mumuperekezenso kuchipatala. Mtengwa akakana nyemba kapena mkaka, apongozi asati ndi matama. Mwana akapempha kukhala pafupi ndi khomo kutchalitchi, kapena akazengereza kukwera basi ya ulendo wautali m'mamawa, musamuseke pagulu, mufunseni pambali. Aphunzitsi amulole kutuluka m'kalasi osamufunsa mafunso pamaso pa anzake. Ndipo uthenga wa mankhwala odabwitsa ukafika pa gulu la WhatsApp la banja lanu, musautumize kwa wodwalayo musanaonetse munthu wa zaumoyo, ngakhale utachokera kwa amalume amene mumawalemekeza.